Chuku pa Nkhope ya Achimwene

Sindine munthu wa nkhani zambiri. Sukulu ya ku mishoni ndinailekeza panjira, nditangodziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndilemba zimene ndinaona.

Ndinkagwira ntchito kwa mzungu wina wogula fodya ndi zikopa. Sitolo yake inali kumunsi kwa tauni, m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi. Ine ndinali wokhoma mabokosi. Achimwene anga, amene ndinawaponda pamutu, ankanyamula machila a bwanayo. Tinkachokera ku Nancholi m'mawa, n'kubwerera madzulo, wapansi.

Bwanayo ankatola nkhope za anthu. Ankati kwawo ku Ulaya kuli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zoti anthu azibwera kudzaona, ndipo eni nyumbayo akufuna kudziwa maonekedwe a Anyanja, Ayao, Angoni ndi Alomwe. Akaona munthu wa nkhope yomusangalatsa, ankangoloza ndi chala. Zotsalazo inali ntchito ya kapitao.

Kapitaoyo anali munthu wakuda ngati ife tomwe, wamfupi, wa khosi ngati la ng'ombe. Chikoti cha mvuu sichinkachoka m'manja mwake.

Tsiku lina chala chinaloza achimwene. Ndinalipo, ndikukhoma bokosi pakona.

"Gona pathebulo apa," anatero kapitao.

"Ndalakwanji, akapitao?"

"Ukanalakwa ukanagona chafufumimba. Gona chagada."

Anthu awiri anawagwira miyendo. Kapitao anakwera pathebulo, n'kuwapana mutu ndi mawondo ake. Bwana anawapaka mafuta kumaso, anawalowetsa timabango m'mphuno kuti azipumira, kenako n'kuwakhuthulira phala loyera la ufa wa azungu umene amati pulasitala. Ufa umenewu ukamauma umatentha. Achimwene anayamba kuphiriphitha. Kabango kamodzi kanawabaya m'kati mwa mphuno, magazi n'kumatuluka pa kabango pomwepo. Kapitao anawamenya chibakera m'nthiti kuti akhale bata. Ine nyundo inali m'manja. Ndinaigwira mpaka zala kuchita dzanzi.

Pochotsa chikhakha cha pulasitala woumayo, chinazula nsidze. Achimwene anadzuka, analavula, n'kudzipapasa kumaso.

"Mwaitenga nkhopeyo, bwana. Nanga kunyumba akandizindikira bwanji?"

Anthu anaseka. Achimwene anali otero.

M'chikhakha muja bwana anathiramo phala lina, ndipo munatuluka nkhope. Inali yawo ndithu, ndi chipsera cha pamlomo chimene anachitenga pa mtengo wa machila. Koma inali yoyera, yotsinzina. Achimwene anaiyang'ana kanthawi.

"Uyu wafa kale uyu," anatero.

Apo sanaseke munthu.

Kenako inabwera nkhondo ya Jeremani. Ankagwira amuna kuti akakhale amtengatenga. Achimwene anagwidwa pamsewu, akuchokera kuntchito. Sanabwerere. Mnzawo wina amene anabwerako, mafupa okhaokha, anatiuza kuti anadwala kamwazi kumpoto, anagwa ndi katundu kumutu, ndipo ulendo sunaime.

Akuluakulu a ku Nancholi anati tiike thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira mtembo ukasowa. Alamu anga, akazi a achimwene, anakana.

"Ine sindinakwatiwe ndi nthochi."

Basi maliro sanachitike. Sitinamete. Alamu sanasudzulidwe. Anakhala choncho, tsitsi losapesa, osakhala mkazi wa munthu, osakhala namfedwa. Abusa anayesa kulankhula nawo, akwawo anayesa. Yankho linali lomwelo.

Nkhope zija zinali m'chipinda cha pansi pa sitolo, chokhoma. Nkhondo inatseka njira ya panyanja, ndiye zinangokhala mmenemo. Kiyi anali m'thumba mwa bwana.

Dzinja lina mvula inakana kukata. Mudi unabwera masana, wofiira, ukukokomera kuchokera ku Ndirande. Unabwera ndi mitengo yathunthu, madenga a udzu, mbuzi zotupa. Ndinaona munthu akupita nawo madziwo, dzanja lili m'mwamba. Anamenyetsedwa pamwala, dzanja lija n'kumira. Khoma la kuseri kwa sitolo linagwera mnzathu wina wosanja fodya, n'kumuthyola msana. Tinamukoka, koma sanafike madzulo.

Madzi analowa m'chipinda cha pansi podzera pa zenera. Bwana anali ku ulendo wogula zikopa, ndipo misewu inali itaduka. Madzi anaphwa, dzuwa linawala, chitseko chili chitsekere. Kapitao anaopa kuthyola loko wa mzungu.

Bwana atabwera n'kutsegula, fungo linatibweza m'mbuyo. Nkhope za pamatabwa a m'munsi zinali m'matope. Za pamwamba zinali zitamera chuku, chobiriwira, chakuda, china choyera ngati ndevu za nkhalamba. Bwana anatembenuka n'kumumenya kapitao mbama pamaso pathu. Kapitao anatuluka panja n'kuyamba kukwapula aliyense amene anali pafupi. Mbama ili ngati madzi, imatsikira kumunsi.

Anzanga onse anakana kukhudza nkhope zija. Ankati ndi mitembo. Chikoti chinalira pamisana yawo, koma anakanabe. Ine ndinavomera. Ndinkadziwa amene anali mmenemo.

Bwana anandiphunzitsa ntchitoyo ndi Chinyanja chake chothyokathyoka. Kunyamula ndi manja awiri, pathabwa, chifukwa pulasitala wonyowa ndi wofewa ngati chinangwa choviika. Kuyanika pamthunzi, pakhonde la kuseri pamene pamadutsa mphepo. Osati padzuwa, osati pamoto, ayi zing'aluka. Kudikira ziume mpaka zileke kuzizira ukaziika patsaya. Zikauma, kumanga nsalu kukamwa ndi kumphuno, n'kusesa chuku ndi nthenga ya nkhuku, pang'onopang'ono, mphepo ili kumsana. M'makwinya ndi m'mphuno, kaburashi ka ubweya wa mbuzi. Potsiriza, kukulunga thonje kunsonga ya kamtengo, kuviika mu sipiliti, n'kumagubuduza pamene patsala banga. Kugubuduza, osapukuta. Thonje likada, kutaya pamoto.

"Madzi iyayi," anatero, akundiloza m'maso. "Iwe kuthira madzi, ine kupha iwe."

Kenako anaika lamulo. Nkhope imene iyere ilowa m'bokosi la utuchi, ikwera sitima, ipita ku Ulaya. Imene ikane kuyera iphwanyidwa ndi nyundo, zidutswa kutaya mu Mudi. Sankafuna kuti anthu azitola n'kumayenda nazo m'midzi, poti mbiri inali itamveka kale yoti mzungu wa pa Mudi amasunga mitu ya anthu.

Achimwene ndinawapeza pathabwa la pakati. Madzi anawafika pachibwano n'kubwerera. Chuku chinali chitaphimba maso ndi tsaya la kumanzere. Chipsera chinalipo. Nditayang'anitsitsa ndinaona china. Pamwamba pa diso panali titsitsi takuda, tomatirira mu pulasitala. Zinali nsidze zawo zenizeni, zija zinazuka tsiku lija.

Ndinakhala pansi pamatope.

Nkhani inali yotere. Ndikawayeretsa, apita kutsidya la nyanja, azungu akawayang'ane. Ndikawasiya, nyundo ya kapitao. Kuba sikukanatheka. Pachipata panali mlonda, msilikali wakale, amene ankatipapasa tonse potuluka.

Ndinawauza alamu. Anali akusenda chinangwa pakhonde. Mpeni unaima.

"Mukuti tsitsi lawo lilipo?"

"Lilipo."

"Ndiye ndi iwowo. Mubwere nawo."

"Sizingatheke."

"Mwayesa?"

M'mawa mwake ndinabwerera ku nkhope zija.

Ndinayamba ndi nkhope za ena. Achimwene ndinawaika kumapeto kwa thabwa, kukhoma. Ntchito inali yoipa. Fumbi la chuku linkadutsa nsalu. Ndinkatsokomola zakuda, maso ofiira, zala zosupuka ndi sipiliti. Chifuwa chimenecho ndili nachobe. Zina zinkayera bwino. Nkhalamba ina ya Chiyao, ya ndevu zosongoka, inatuluka ngati yaumbidwa dzulo. Mayi wina wa mphini kumasaya anayeranso. Koma zambiri za m'matope zinali zitafumbwa. Ukangokhudza ndi nthenga, mphuno n'kugwa.

Zimenezo kapitao ankazitengera pamwala wa kuseri. Ankaikonda ntchitoyo. Ankayamba waiyang'ana nkhopeyo, n'kuitchula mwini wake.

"Uyu ndi uja ankaba fodya. Moni, bambo."

Nyundo pamphumi. Ufa n'kuti fwaa.

"Uyu mkazi wake anandikana."

Nyundo pakamwa.

Ena mwa eni nkhopezo anali moyo, akusanja fodya pabwalo lomwelo. Ankamva. Ankangoweramira pansi.

Kapitao sanachedwe kuona kuti pali nkhope imodzi imene ndikuilambalala. Anabwera, n'kuitukula chibwano ndi nsonga ya chikoti.

"Uyu bwanji sakumetedwa ndevu?"

"Sanaume."

"Anzake onse auma. Kapena akudikira machila?"

"Musawakhudze, akapitao."

Chikoti chinandipeza pakhosi, n'kuzungulira mpaka kukhutu. Magazi anadonthera pansalu ya kukamwa.

"Mbale wakoyu ndinamupana mutu ali moyo. Ndilephere lero ali ufa? Ukapanda kumuyeretsa, ndiyambira pachipsera chakecho."

Ndinawayeretsa. Si chifukwa cha chikoti chokha. Sindikanatha kumawaona tsiku ndi tsiku chuku chikuwadya m'maso. Ndinasankha nthenga yofewa, ya pansi pa phiko. Ndinayamba pamphumi. Chuku chinachoka ngati utsi. Zikope zinaoneka, ndi timizere ta pakona pa diso, ta munthu wokonda kuseka. Pansidze sindinakhudze ndi burashi. Ndinkangouzira ndi kabango. Mmene ndinkamaliza, achimwene anali atagona pathabwa, oyera, monga ndinkawaonera m'mawa ndikamawadzutsa kuti tizipita. Panangotsala banga lakuda patsaya, lalikulu ngati chala chamanthu, lolowerera m'kati.

M'mawa mwake bwana anabwera, anayang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Zabwino. Sipiliti pang'ono apa. Mawa bokosi."

Sipiliti anali atatha. Ananditumiza ku Limbe, kusitolo ya Mmwenye, kukatenga botolo. Madzulo a dzulo lake ndinali nditawauza alamu kuti achimwene ayera, ndipo atsala pang'ono kupita. Anangopitiriza ntchito yawo. Ndinayesa avomereza.

Ndinabwerako dzuwa litapendeka, botolo m'manja. Anthu onse anali kutsogolo, akukweza zikopa pangolo. Ndinazungulira kuseri.

Alamu anali atagwada pakhonde. Mlonda ankawadziwa, poti nthawi zina ankandibweretsera mbatata masana, ndiye anawalola kulowa. Anali atapempha madzi ofunda kwa wophika wa bwana. Anali atayala nsalu yawo yatsopano pansi. Nkhope ya achimwene inali m'beseni.

Ankaisambitsa monga timasambitsira maliro, kuyambira kumutu, kutsikira kuchibwano, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. M'dzanja lina anali ndi chitsononkho. Ankakhula nacho banga lija.

"Alamu, chotsanimo."

Sanatembenuke.

"Ndikudziwa, iyi ndi ntchito ya amuna. Koma amuna a pakhomo pathu ali kuti? Wina anatsala kumpoto. Wina akupukuta maliro ndi nthenga ya nkhuku. Munthu apite ulendo wautali chonchi osasamba?"

"Chotsanimo, ikusungunuka."

Apo anayang'ana m'beseni. Madzi anali oyera ngati matsukwa a mphale. Anaitukula. Mphuno inali itafupika. Milomo inali itagwirizana kukhala chotupa chimodzi. Chipsera panalibe. Nsidze panalibe. Patsaya, pamene anakhula, panali dzenje. Pulasitala amene anamwapo kale madzi a chigumula salimba kachiwiri.

"Ndimayesa ndi yootcha ngati mbiya," anatero chapansipansi. Anayesa kubwezera phala la m'manja mwawo pamphuno. Linangotsetsereka.

Sitinamumve kapitao akubwera. Ndinangoona chikoti chikutsika pamsana pa alamu. Bulauzi inang'ambika, khungu n'kutseguka. Anagwa cham'mbali, koma nkhope sanaitaye. Anaikumbatira pamimba. Kapitao anamenya beseni ndi phazi. Madzi oyera aja anayenderera pakhonde, anatsika pamasitepe, n'kulowa mu ngalande yopita ku Mudi. Mphuno ya achimwene, milomo yawo, tsitsi lawo, zonse zinapita mmenemo.

Anatukulanso chikoti. Chinawapeza alamu pakhutu.

Kapitaoyo ndinamuswera botolo pamutu. Sipiliti analowa m'bala ndi m'maso. Anakuwa ngati nkhumba, akukwapula mphepo. Anandigunda ndi mutu pamimba, tonse n'kugwera pathabwa la nkhope zouma. Zina zinasweka pansi pathu. Anandiluma paphewa mpaka mano kukumana. Ndinamulowetsa chala m'diso, n'kundisiya. Ndinadzuka, ndinatola thabwa. Iye anali akupapasa pansi kufuna chikoti chake. Ndinamenya dzanja limenelo. Ndinamenyanso. Kachitatu ndinamva fupa likulira ngati nkhuni youma.

Ndikanapitiriza mpaka kumutu. Anzanga anandigwira.

Bwana anafika akuthamanga, nkhope ili psuu. Anaona kapitao akugubuduka m'magalasi. Anaona zidutswa pansi. Kenako analanda chimene alamu anakumbatira, n'kuchitembenuza uku ndi uku. Chinali chibuma choyera, chosalala, chokhala ndi timaenje tiwiri.

"Uyu si munthu aliyense," anatero. Anachiponya pa mulu wa zoti ziphwanyidwe. Chinabenthuka kuchibwano, koma sichinasweke. "Nyundo."

Wa nyundo anali pansi, dzanja likulendewera. Bwana anayang'ana anthu ena. Onse anabisa manja kumbuyo.

"Pambuyo," anatero bwana. "Poyamba uyu."

Ku boma sanafune kunditengera. Kukanakhala mafunso okhudza mitu ya anthu. Anati zithere pomwepo. Anandivula malaya, anandigoneka chafufumimba pabwalo, manja atamangirira ku gudumu la ngolo. Anaitana mlonda kuti achoke pachipata adzagwire chikoti, poti ndiye ankaidziwa ntchitoyo kuchokera ku usilikali. Antchito onse anauzidwa kuti aime mozungulira, aone.

Mlondayo sankapsa mtima ngati kapitao. Ankamenya mwa ntchito, kuyambira m'mapewa kutsika, osabwereza pamalo amodzi mpaka malo atatha. Choyamba chimakhala ngati moto. Zotsatira zimakhala ngati akukusenda. Sindinawerenge.

Tsaya langa linali pafumbi, ndipo ndinkaona kudzera pansi pa ngolo. Ndinaona miyendo ya alamu ikupita ku mulu uja. Anawerama. Anakulunga chibuma chija mu nsalu yatsopano, anachiika kumsana, pabala pomwepo, n'kumanga ngati mwana. Anayamba kuyenda kulowera kuchipata. Sanathamange. Chipata chinali chopanda munthu, koma bwana akanangotembenuza khosi akanawaona.

Ndinakwapulidwapo kambiri m'moyo mwanga, ku mishoni ndi kuntchito. Sindinkalira. Anthu ankandidziwa choncho. Tsiku limenelo ndinakuwa. Ndinaitana amayi anga amene anamwalira kale. Ndinatukwana bwana, ndinatukwana amake, m'Chinyanja chimene ankachimva bwino. Anayandikira, n'kumuuza mlonda kuti awonjeze. Maso onse anali pa ine.

Nsalu ya alamu inadutsa pachipata, n'kukhotera kumsewu.

Zitatha anandithira madzi a mchere n'kunditaya kunja kwa mpanda. Ntchito inathera pomwepo. Anzanga awiri anandinyamula pachitseko chakale mpaka ku Nancholi. Za chibuma chija palibe anafunsa. Mwina bwana anaiwala. Mwina wina anaphwanya china n'kumuonetsa ufa. Sindinafunse.

Maliro anachitika ndisanayambe kukhala tsonga. Ananditengera kumanda pamphasa, chafufumimba. Bokosi linali laling'ono, ngati la khanda. Akanandidikira ndikanalikhoma bwino kuposa mmene analikhomera. Akuluakulu ena ananyinyirika kuti sitiika dothi la azungu m'manda a makolo. Alamu anawayankha kuti nthochi anali okonzeka kuiika. Akuluakuluwo anagonja. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule. Adzukulu anakwirira.

Tsiku lometa, alamu anakhala pamphasa pafupi ndi ine. Tsitsi lawo la zaka zonse zija linagwa pansi ngati ubweya wa nkhosa. Khutu lija linali litapola mokhota. Silinamvenso mpaka imfa yawo.

"Alamu," anatero, "ndinawaononga."

"Munawasambitsa."

"Mukanakonda apite ku Ulaya ali bwinobwino?"

Wometa anafika pa ine, n'kundigwira mutu.

"Ayi," ndinatero.

Alamu anasudzulidwa, ndipo patapita nthawi anakwatiwa ndi mmisiri wa njerwa wa ku Chinyonga. Kapitao dzanja lake linauma. Bwana anamuchotsa, poti kapitao wosagwira chikoti alibe ntchito. Ndinkamuona nthawi zina pamsika wa Limbe akugulitsa fodya wa mphuno ndi dzanja lamanzere. Sitinkapatsana moni.

Mabokosi aja anakwera sitima. Nkhalamba ya ndevu zosongoka inapita, mayi wa mphini anapita. Ngati nyumba ija ikadalipo, ali kumeneko, oyera. Ndinawayeretsa ndine.

Achimwene ali ku Nancholi. Ana anga amandifunsa kuti atate awo aakulu ankaoneka bwanji. Ndimawauza za chipsera cha pamlomo, ndi kuti ankakonda kuseka. Koma ndikatsinzina kuti ndiwaone, sabwera. Chimene chimabwera ndi chibuma chija, chosalala, chikudontha madzi m'manja mwa alamu.